Bondo Langa ndi Mbiri ya Ophunzitsa Anthu Kuyenda

 Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, mayi wa geni ya kaunjika ndi zitenje kuno ku Mchinji. Ndiyambe ndi funso: kodi mukukumbukira amene anakuphunzitsani kuyenda? Ndikudziwa kuti simukukumbukira. Munali khanda, munagwira mwendo wa mpando, kenako chitenje cha amayi anu, tsiku lina n'kungotaya manja, basi mwayamba. Ine ndaphunzira kuyenda kawiri. Kachiwiriko ndinali ndi zaka 33, ana atatu ndi ngongole ya kubanki mkhonde, ndiye ndikukumbukira phazi lililonse.

Linali tsiku la msika pa Kamwendo, nyengo yokolola mtedza, nthawi imene alimi amakhala ndi kangachepe m'thumba ndipo ife ogulitsa sitifuna kuchedwa ngakhale mphindi imodzi. Lole ya matola itangoima sindinadikire kuti anyamata anditsitse. Ndinadumpha. Phazi lakumanja linatera m'kadzenje, thupi n'kupotokera kwina, ndipo mkati mwa bondo ndinamva kuti "phu!" ngati lamba womangira belo akaduka. Pofika madzulo bondo linali litatupa ngati dzungu.

Kunyumba anachita zimene tonse timachita: kuthowa ndi madzi otentha, kupaka mankhwala oyaka aja a m'kabotolo, kumanga ndi kansalu. Kuchipatala anandijambula X-ray n'kunena kuti fupa silinathyoke. Ndinasangalala. Kutupa kutaphwa ndinabwerera pamsika. Koma bondo linali litasiya kundimvera. Ndikasenza katundu n'kutembenuka, linkangofooka lokha ngati wina wandimenya kuseri kwake. Ndinagwa katatu, kamodzi pamaso pa makasitomala. Ena anayamba kunong'ona kuti pali mnzanga pamsika amene wanditchera.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, dokotala wa mafupa ku Lilongwe anandigoneka chagada, n'kugwira ntchafu ndi dzanja limodzi, msongolo ndi linalo, n'kukoka. Msongolo unabwera kutsogolo ngati dirowa ya tebulo. "Mayi," anatero, "mtsempha wa mkati mwa bondo lanu unaduka kalekale."

Ndikufotokozereni mmene anandifotokozera ine. Bondo ndi pamene fupa la ntchafu limakumana ndi fupa la msongolo. Mafupa awiriwa sanalowetsane ngati mtondo ndi munsi, anangosanjikizana. Chimawagwira ndi mitsempha inayi ikuluikulu yolimba ngati zingwe: iwiri m'mbali, iwiri mkati. Ya mkatiyo inapingasana. Wakutsogolo, umene madokotala amautchula mwachidule kuti ACL, ntchito yake ndi kuletsa msongolo kutsetserekera kutsogolo ndiponso kupotoka. Umenewu ndi umene umaduka kawirikawiri kwa anyamata a mpira ndi atsikana a ntchemberembaye akadumpha n'kutera molakwika. X-ray imaonetsa mafupa, mtsempha siuonetsa ayi, n'chifukwa chake munthu amauzidwa kuti "simunathyoke" pamene bondo latha ntchito. Ndipo mtsempha umenewu ukadukiratu, kawirikawiri sudzilumikiza wokha ngati mmene limachitira fupa.

Si aliyense woduka mtsemphawu amafunika opaleshoni. Ena amalimbitsa minofu ndi mafizo n'kumakhala bwinobwino. Koma kwa ine wosenza mabelo, wogwa katatu kale, anati ndi bwino kukonza. Ndinagulitsa katundu yense wa pabenchi, achimwene anagulitsa mbuzi, amayi a kumpingo anasonkha. Anadula kamtsempha kena kuseri kwa ntchafu yanga yomweyo, n'kukalowetsa m'bondo kudzera m'mabowo amene anaboola m'mafupa. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera kuthiyeta. Eee, kumeneko n'kumene inayambira.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza akuluakulu awiri akundidikira, aliyense ndi lamulo lake. Amayi anga anandiyalira mphasa, n'kuika pilo kunsi kwa bondo. "Mwana wanga, gona. Bala silipola ukamaligwedeza." Azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, amene anadwala poliyo ali aang'ono ndipo amayendera zitsulo ndi ndodo mpaka lero, anachotsa piloyo. "Alamu, musamupusitse mwanayu. Mwendo ukaugoneka umaiwala mwini wake." Anakangana sabata yathunthu. Ine ndili chigonere, foni m'manja, ndinayamba kufufuza kuti wolondola ndani. Zimene ndinapeza n'zimene ndikukulemberanizi: madokotala akuluakulu a kunja anakangana mkangano womwewu kwa zaka pafupifupi 100.

Tiyambire ku Mangalande. Mu 1895, mumzinda wa Leeds, dokotala wina dzina lake Mayo Robson anatsegula bondo la bambo wina wogwira ntchito mumgodi n'kusoka mitsempha yonse iwiri ya mkati imene inali itaduka. Bamboyo anachira mpaka anabwerera kumgodi. Koma patsogolo pake madokotala anaona kuti kusoka kokha sikudalirika, mtsempha wosokedwa unkathanso. Mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, Ernest Hey Groves wa ku Bristol anayesa njira ina: m'malo mosoka chingwe chakale, anatenga kachidutswa kolimba m'mbali mwa ntchafu ya wodwalayo n'kupanga chingwe chatsopano. Mu 1963 Kenneth Jones wa ku America anagwiritsa ntchito gawo la mtsempha wa kutsogolo kwa bondo, umene umatsika kuchokera pa kafupa kozungulira kaja. Njira zonsezi ndi makolo a opaleshoni imene anandichita ine.

Koma opaleshoni ikatha ankatani? Ankachita zimene amayi anga ankafuna. Mwendo ankautsekera m'chikhakha kwa masabata angapo, bondo litapindika pang'ono, wodwala osaloledwa kuupondetsa pansi. Maganizo ake anali omveka ndithu: chingwe chatsopano n'chanthete, tichiteteze. Koma akachotsa chikhakha ankapeza ntchafu yafota ngati ya mwana, ndipo bondo lauma, silikuwongoka mpaka kumapeto. Chingwe chinali chamoyo, koma munthu akutsimphina.

Kusintha kwake kunabwera moseketsa. Ku Indianapolis, ku America komweko, dokotala Donald Shelbourne anayamba kulondoloza odwala ake kuti aone amene akutsatira malangizo ndi amene sakutsatira. Anadabwa kupeza kuti osamvera aja, amene ankawongola mwendo msanga ndi kuupondetsa pansi nthawi isanakwane, ndi amene bondo lawo linkamasuka bwino, mphamvu n'kubwerera msanga, chikhalirenicho chingwe chosamasuka. Mu 1990 iye ndi mnzake wa mafizo Paul Nitz analemba njira yatsopano: bondo liwongoke lonse kuyambira masiku oyambirira, wodwala aponde pansi mmene angathere, minofu iyambe ntchito msanga. Njira imeneyi inafalikira m'mayiko ambiri. Nditawawerengera azakhali zimenezi anaseka mpaka misozi. "Ndiye azungu anachita kudikira 1990 kuti adziwe zimenezo?"

Azakhali anali ndi chifukwa chosekera, paja a poliyo anadutsa m'mkangano umenewu kale. Poliyo ndi kachilombo kamene kamaononga mitsempha yotumiza uthenga kuminofu, mwendo n'kulobodoka. Kale madokotala ankamangirira miyendo ya ana otere m'zitsulo ndi m'zikhakha kwa miyezi kuti isapindike. Ndiye kunali nesi wina wa kumidzi ya ku Australia, Elizabeth Kenny, amene anakana zimenezo. Iye ankathowa miyendo ndi nsalu zaubweya zoviika m'madzi otentha, kenako n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono ndi manja ake, kwinaku akumuuza mwanayo kuti aganizire za mnofu umene akufuna kuti ugwire ntchito. Madokotala ambiri akwawo anamunyoza poti sanali dokotala. Mu 1940 anapita ku America, ndipo mu 1942 ku Minneapolis anatsegula chipatala chotchedwa dzina lake. Si zonse zimene ankaphunzitsa zinali zolondola, koma mfundo yake yoti mnofu umaphunzitsidwanso inakhala mwala wa pangodya wa ntchito ya mafizo. Taonani, ngakhale kuthowa kwa amayi anga kuli ndi malo ake m'mbiri imeneyi. Cholakwika chinali kuthowa kokha, n'kugona.

Tsopano tibwere kwathu. Boma lathu lino linamangidwa ndi miyendo. Kale linkatchedwa Fort Manning, potengera William Manning, msilikali amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni mu 1898. Masiku amenewo katundu wodutsa kuno kupita ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ankayenda pamitu ya amtengatenga, azungu akunyamulidwa pamachila. Azigogo athu ena anapita ku Halale wapansi. Tangoganizani mtengatenga wobinya bondo panjira masiku amenewo. Mankhwala ake anali mphini, kuthowa ndi ndodo ya nsungwi, ndipo akapanda kuchira, dzina lake linkasintha, n'kuyamba kutchulidwa ndi chilema chake. Zipatala za mishoni zinabwera, monga cha Mwami kutsidya kwa malire mu 1927 ndi cha St Gabriel ku Namitete mu 1959, ndipo zinapulumutsa anthu ambiri. Koma ntchito yapadera yophunzitsa munthu kuyendanso inakula m'dziko muno makamaka chifukwa cha poliyo.

Inu amene munabadwa zaka za m'ma 1990 mwina simudziwa. Funsani akuluakulu akuuzeni: m'midzi yambiri munkapezeka mwana wokwawa ndi manja, mawondo atachita zikang'a chifukwa chokhuta fumbi. Azakhali anali mmodzi wa iwo. Anakwawa mpaka zaka 9, sukulu osaidziwa. Mu 1979 kunakhazikitsidwa bungwe la Malawi Against Polio, limene ambiri timangoti MAP. Anthu ake ankayendera zipatala za m'maboma, kuona ana opuwala, kukonza zoti miyendo yokhwinyata iwongoledwe ndi opaleshoni, kuyeza ndi kupanga zitsulo zomangira kumiyendo, ndodo zoyendera ndi njinga zopalasa ndi manja zija. Azakhali amanena kuti tsiku limene anaimirira koyamba analira, osati ndi chimwemwe koma ndi mantha, poti anali asanaonepo pansi pali patali chonchija. Anawaika pakati pa mipiringidzo iwiri, n'kumawauza kuti ndodo, mwendo, ndodo, mwendo. Chaka chotsatira anayamba Sitandade 1 ali wamtali kuposa onse m'kalasi.

Katemera atafalikira, poliyo anachepa mpaka wodwala womaliza wa nthawi imeneyo anapezeka mu 1992. Koma luso limene linabwera chifukwa cha poliyo silinathe. Bungwe lija linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, zilembo zake n'kukhala zomwezo, ndipo linayamba kuthandiza ofa ziwalo ndi sitiroko, ovulala msana ndi a ngozi za pamsewu. Malo ake a Kachere ku Blantyre anakhala kogonekera ophunzira kuyendanso, komanso kophunzitsirako anthu ntchito ya mafizo. Mu February 2022, pamene boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo patatha zaka 30, azakhali ndi amene anayenda khomo ndi khomo m'mudzi mwathu ndi ndodo zawo, kuuza amayi kuti asabise ana a katemera akabwera. Ndani akanawatsutsa?

Mbali ya mafupa nayo ili ndi mbiri yake. Madokotala a mafupa anali osowa kwambiri, ndiye mu 1985 dokotala wochokera kunja, Ed Blair, anayambitsa ku Blantyre maphunziro a miyezi 18 osula anthu otchedwa orthopaedic clinical officer. Amenewa ndi aja timawapeza m'zipatala za m'maboma akuwongola mafupa ndi kumanga zikhakha, ife n'kumangoti adokotala a mafupa. Ngati munathyokapo mkono kumudzi n'kuchira, mwina ndi mmodzi wa iwowa anakugwirani. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Chipatala cha mafupa cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002. Digiri ya mafizo inayamba kuphunzitsidwa ku College of Medicine mu 2010, kutanthauza kuti izi zisanachitike wofuna digiri imeneyi ankayenera kupita kunja. Ndipo mu 2023 chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chinatsegulidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukaona zaka zimenezi muona kuti ntchitoyi ndi yaing'ono kwambiri m'dziko muno. Ine ndine wamkulu kuposa digiri ya mafizo ya ku Malawi.

Mtsikana wa mafizo amene anandithandiza anali wa m'badwo watsopanowu, wamng'ono kwa ine. Ndinkamuti adokotala, iye n'kumaseka. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndiyende kuchokera pakhomo kukafika pawindo, iye atakhala pansi kuyang'ana miyendo yokha. "Amayi, mukudziwa kuti simukuponda ndi chidendene?" Sindinkadziwa. Ndinkangoti ndikuyenda.

Kuyenda nako kuli ndi akatswiri ake, eti. Mu 1836 ku Germany, abale awiri, Wilhelm ndi Eduard Weber, analemba buku la mmene miyendo ya munthu imagwirira ntchito poyenda, atayeza anthu ndi wotchi ndi chingwe choyezera. Ndipo Jacquelin Perry wa ku California, mayi amene anayamba ngati wa mafizo kenako n'kukhala dokotala wa mafupa, anatha zaka zambiri akuthandiza odwala poliyo, ndipo mu 1992 anatulutsa buku limene ophunzira mafizo amagwiritsabe ntchito. Zimene anapeza mungaziyese nokha pabwalo. Mukamayenda, phazi lililonse limakhala pansi magawo pafupifupi 60 mwa 100 a nthawi, ndipo magawo 40 limakhala m'mwamba. Choyamba kugunda pansi ndi chidendene, bondo litawongoka. Kenako bondo limapindika pang'ono kuti lilandire kulemera kwa thupi, ngati masipuling'i a galimoto pabampu. Limawongokanso thupi likamadutsa pamwamba pa phazi. Kenako chidendene chimanyamuka, zala n'kukankha, bondo n'kupindika mpaka madigiri 60 kapena chapompo kuti zala zisakhule pansi. Zonsezi zimachitika m'kasekondi kamodzi, inu mukuganiza za mtengo wa feteleza.

Amene amagwira bondo pa nthawi yolandira kulemera ija ndi mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu. Ndiwo mabuleki a mwendo. Vuto lake n'lakuti bondo likatupa, thupi limauzimitsa mnofu umenewu lokha, ngati ESCOM yathimitsa magetsi. Umaulamula kuti ugwire, iwo uli zii. Ndinayeza ntchafu zanga ndi tepi ya atelala, yakumanja inali itachepa moonekeratu. Ndiye munthu wopanda mabuleki amatani? Amaba. Amayenda bondo lili chiumire ngati mtengo, kapena lili chipindikire akupondera zala, amafupikitsa nthawi yoima pamwendo wodwala, amakweza chiuno kuti mwendo udutse. Poyamba amatero chifukwa cha ululu. Kenako ululu umatha, koma kayendedweko kamatsala chifukwa thupi lazolowera. Mapeto ake bondo labwino lija, chiuno ndi msana zimayamba kudandaula chifukwa chosenza katundu wa mnzake.

N'chifukwa chake pilo wa amayi anali mdani. Pilo kunsi kwa bondo amakoma, koma bondo limauma lili chipindikire, ndipo bondo losawongoka silingalole chidendene kugunda pansi bwino. Mtsikana uja anandiuza kuti chitenje chopindapinda ndiziika kunsi kwa chidendene, bondo lizilendewera m'malere mpaka liwongoke lokha. Zimapweteka, abale, osanama. Kenako kukanikiza kuseri kwa bondo pamphasa, kuwerenga mpaka 10, kumasula. Kukoka chidendene kubwera kumatako nditaika jumbo kunsi kwake kuti chiziterereka. Kukweza mwendo wonse uli chiwongokere. Patapita masabata, kukwera ndi kutsika sitepe ya pakhonde: pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wodwala. Nditatsala ndi ndodo imodzi anandiuza kuti ndiziigwira kudzanja la mbali yabwino, osati yodwala monga ambiri timachitira. Ndipo kenako kuimira mwendo umodzi, chifukwa mtsempha wakale uja unali ndi timitsempha touza ubongo pamene bondo lili, ndipo watsopanoyu ndi mlendo, thupi liyenera kuphunziranso kudzimva. Ndinkaimira mwendo umodzi potsuka mbale, ana n'kumanditchula kakowa.

Azakhali anabweretsa njira yawo imene sindinaione m'buku lililonse. M'mawa mwana akasesa pabwalo, ankandiuza kuti ndidutse pamchenga wosesedwawo opanda nsapato. Kenako tonse tinkayang'ana mapazi anga. Masabata oyamba phazi lakumanja linkasiya zala zokha ndi mzere wokhula, ndipo mipata pakati pa mapazi inali yosiyana, wina wautali wina waufupi. "Bwerera, mwana wa achimwene, chidendene sichinalembe." Tsiku limene mapazi onse awiri analemba mofanana, amayi anga omwe aja a pilo ndi amene anaimba nthungululu.

Ndisakunamizeni kuti ndinali womvera nthawi zonse. Mwezi wachitatu ululu unali utatha, mpamba kulibe, a kubanki mkhonde akufunsa. Ndinawoloka boda pa Mwami kukaoda zitenje ku Chipata, n'kusenza ndekha kuti ndisalipire wonyamula. Usiku umenewo bondo linatupanso, ndipo ndinabwerera m'mbuyo masabata atatu. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti amayi nawonso anali ndi mbali yawo yoona. Ululu umatha msanga, koma chingwe chatsopano chimatenga miyezi yambiri kuti chimere m'fupa ndi kukhwima. N'chifukwa chake osewera mpira amalangizidwa kudikira miyezi 9 kapena kuposerapo asanabwerere m'bwalo. Shelbourne sananene kuti thamangani. Ananena kuti wongolani, pondani, limbitsani, chilichonse pa nthawi yake. Kuthamanga sikufika. Ndipo opaleshoni zimasiyana: ngati anasokanso kanyama kofewa kamene kamakhala ngati khushoni pakati pa mafupa, malamulo opondera pansi amasintha. Ndiye musatenge zanga n'kukapatsa wodwala wanu osafunsa amene anamuchita opaleshoni. Bala likayamba kutuluka mafinya, thupi kutentha, kapena katumba kutupa ndi kuwawa, imeneyo si nkhani ya mafizo, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali chinthu china chimene ndinaona powerenga mbiri yonseyi. Njira zimenezi zinapangidwira anthu okhala pamipando. Kuti mukhale pampando, bondo limafuna madigiri 90 okha. Koma bondo la mayi wa ku Mchinji lili ndi ntchito zina. Limanyonyomala m'chimbudzi chokumba. Limapinda pamafuwa pophika nsima. Limakhala pamphasa pamaliro tsiku lonse. Limagwada popereka madzi kwa akuluakulu. Zonsezi zimafuna bondo lopinda pafupifupi mpaka kumapeto, ndipo zimenezi zimabwera mochedwa kwambiri. Kwa miyezi ingapo bambo a kunyumba anachita kundibowolera mpando wakale kuti ndizigwiritsa ntchito kuchimbudzi, nkhani imene palibe amaikamba pagulu koma aliyense wochitidwa opaleshoni ya mwendo amakumana nayo. Apongozi aamuna atabwera kudzandiona, ndinaima ndi kapu ya madzi m'manja, osadziwa chochita, misozi ili mbwee. Iwo anangotambasula dzanja. "Apongozi, musavutike. Ulemu wanu tinauona kale." Ndiye mukapita kwa a mafizo musachite manyazi. Auzeni kuti kwanu kulibe chimbudzi chokhalira, kuti mumasenza madzi, kuti mumalima. Amadziwa, nawonso ndi ana a m'midzi yomweyi, koma amafuna muwauze kuti akonze mafizo molingana ndi moyo wanu.

Vuto lina ndi mtunda. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, ndipo munthu wa ndodo sakwera minibasi yekha, ndiye thiransipoti ndi ya anthu awiri. Masiku ena amene anandipatsa ndinalephera kupita. Ndikhulupirira alipo ambiri amene opaleshoni yawo inayenda bwino koma akutsimphina lero chifukwa cha ndalama ya minibasi. Nawonso a kabaza a njinga zamoto achuluka m'misewu yathu, ndipo mukadutsa kuwodi ya mafupa mudzaona nokha kuti miyendo yothyoka siikuchepa. Onsewo chikhakha chikachoka adzafuna wowaphunzitsa kuyenda. M'zipatala zina za m'maboma a mafizo alipo tsopano, funsani musanatuluke pageti. Ndipo gadiyani asamatsale panja pa nthawi ya mafizo. Alowe, aone, ajambule pafoni ngati alola, chifukwa wa mafizo mumakhala naye ola limodzi, koma masiku ena onsewo wa mafizo ndi mlongo wanu, mwana wanu kapena azakhali anu.

Lero ndili pamsika ngati kale. Ngongole ndinamaliza, benchi ladzazanso. Kugwada ndimagwada, koma pamphasa, osati pasimenti. Kukazizira bondo limandikumbutsa kuti lilipo. Pa lole sindidumphanso, ndimatsika chafutambuyo ngati agogo, anyamata akuseka, ine osalabada. Anzanga aja ankati ndinalodzedwa, mmodzi wa iwo mwana wake anavulala bondo pampira mwezi wathawu, ndipo anabwera pabenchi langa kudzafunsa kuti apite kuti.

Inu amene muli ndi wodwala mwendo pakhomo, mawa m'mawa mukasesa pabwalo musafulumire kuwaza madzi. Muuzeni adutsepo kaye, ndipo muyang'ane ngati chidendene chalemba. Azakhali akupereka moni kwa nonse. Zitsulo zawo zatha kuphazi, ndipo sabata yamawa ndi ine amene ndikuwaperekeza ku Lilongwe kukakonzetsa.